Za Kuyeza Magazi M'midzi Yathu

Alipo ana pakati pathu amene atupa manja ndi mapazi asanathe chaka, maso achita chikasu, nachezera kulira ndi kuphwanya kwa mafupa. Ena ati ndi tsempho, natsutsa atate ndi amake. Ena aloza agogo ufiti. Koma kawirikawiri ndiyo nthenda yotchedwa sickle cell, imene Dokotala James Herrick anailongosola ku Chicago m'chaka cha 1910.

Maselo ofiira a magazi apindika ngati zenga, natseka mitsempha. Afa atakhala masiku 10 kufikira 20, pamene abwino akhala masiku 120. Chifukwa chake mwana aperewera magazi.

Taonani chobisika chake. Wolandira mbewu ya nthendayi kwa kholo limodzi lokha ali wamphamvu, sazindikira kanthu. Mu 1954 Anthony Allison anasonyeza kuti wotereyu malungo samgwira kolimba, ndicho chifukwa mbewuyi yachuluka m'maiko a malungo. Koma awiri otere akakwatirana, pa ana anayi tiyembekeza mmodzi wodwala, ndipo ngoziyi ili chimodzimodzi pa mimba iliyonse. Mbewuyo ichokera kuchimuna ndi kuchikazi komwe. Tisanyoze mkazi yekha.

Lero kulipo kachipangizo koyeza dontho la magazi a pachala kapena pachidendene, kosafuna magetsi, koyankha ora lisanathe. Mwana akadziwika msanga, nalandira penisilini, katemera ndi neti yogonamo, moyo wake utalika.

Tsono ankhoswe, musanamange ukwati, funsani kuchipatala kumene ayeza. Awiriwo asankhe okha, koma asankhe akudziwa.