Mafunde a Mwera ndi Mphamvu Imene Asenza

Chaka ndi chaka, kuyambira mwezi wa May kufikira August, mphepo ya mwera imavundula nyanja, ndipo asodzi a ku Chintheche ndi ku Kande amagona masiku angapo osaponya makoka. Mphepoyi aidziwa bwino kuyambira ubwana wao. Koma chilipo chinthu chimodzi chimene maso amanyenga nacho ngakhale mkulu wodziwa nyanja, ndicho kukula kwa mphamvu ya funde.

Poyamba munthu afunse: kodi chimene chimayenda pa funde nchiyani? Ambiri ati ndi madzi. Iai. Mwana akaponya chitsononkho kutali ndi gombe, adzaona kuti chikwera, chitsika, chizungulira pang'ono, koma funde lichisiya pomwepo nilipitirira. Madzi angovina pamalo pao. Chimene chiyenda ndi mphamvu, imene madzi apatsirana monga anthu apatsirana mtsuko pa mzere, iwo osasuntha.

Mphamvuyo sichokera m'madzi. Dzuwa litenthetsa dziko mosiyana, kwina kwambiri kwina pang'ono. Mpweya uyamba kuyenda, ndiyo mphepo. Mphepo ikankha madzi niwapatsa gawo la mphamvu yake. Kukula kwa funde kutsata ukali wa mphepo, nthawi imene yaomba, ndi kutalika kwa madzi amene yadutsapo. Apa ndipo pali tsoka la gombe lino. Nyanja ya Malawi ndi yaitali makilomita oposa 500, ndipo yagona kuchokera kummwera kunka kumpoto, njira yomweyo ya mwera. Pofika ku Nkhata Bay mphepo yakhala ikukankha madzi pafupifupi makilomita 300 popanda chotchinga. Ku Usisya mtundawo waonjezeka.

Tsono mau ofunika koposa ndi awa. Funde likatalika kawiri, mphamvu yake sikula kawiri ai, ikula kanayi. Likatalika katatu, ikula kasanu ndi kanayi. Chifukwa chake nchakuti funde lalitali likweza madzi ambiri, ndiponso liwakweza pamwamba kwambiri. Zinthu ziwirizi zichulukitsana. Msodzi amene anapalasa bwino dzulo pa mafunde a theka la mita, akaona lero a mita imodzi amati, "Akula pang'ono chabe." Walakwa, pakuti akukumana ndi mdani woposa wadzulo kanayi. Ndipo madzi si opepuka: odzaza bokosi la mita imodzi m'litali, m'lifupi ndi msinkhu alemera makilogalamu 1,000, ndiwo matumba 20 a chimanga.

Pafupi ndi gombe funde lisintha khalidwe. Pansi pakayamba kuchepa, funde lichepetsa liwiro, lipanikizika, likwera, nsonga yake nigwera kutsogolo. Mphamvu imene linasonkhanitsa ulendo wonse ithera pamenepo, pophwanya, pokokolola mchenga ndi pochita phokoso lija limveka usiku m'midzi. Nchifukwa chake bwato limene lapulumuka pakati pa nyanja lingathe kugudubuzika pamaso pa anthu oima pa mchenga.

Ngakhale sitima siyenera kuinyoza nyanjayi. Pa 30 July 1946, m'nyengo ya mwera, sitima yatsopano ya Vipya inagudubuzika m'namondwe pafupi ndi Florence Bay, kumpoto kwa Usisya, ndipo anthu 145 anamwalira. Ilala, imene inayamba kuyenda mu 1951, inadza m'malo mwake.

Nanga bwato liimikidwa ndi chiyani? Kulemera kwake kulikokera pansi, madzi alikankhira kumwamba. Katundu akakhala pansi m'kati mwa bwato, funde likalipendeketsa kukankha kwa madzi kulibweza. Koma matumba a usipa akaunjikidwa pamwamba, anthu nakhala pamwamba pa matumbawo, kulemera komweko kuthandiza funde kuligwetsa. Madzi olowa m'bwato aipa koposa, pakuti onse athamangira mbali imene yapendekera naonjezerapo kulemera. Akapidwe msanga, asanachuluke. Wopalasa wanzeru alunjikitsa mutu wa bwato ku funde, kuti mphamvu yake igawike mbali ziwiri, ndipo wokwera aliyense akhale pansi, ngakhale akhale mfumu.