Doctor Who Atamuyitanira Kubwalo la Milandu kwa Dambe

Kodi Doctor ameneyu ndi wa kuchipatala?

Ayi. Ndi mlendo wochokera ku dziko lopeka la Gallifrey, mwini nkhani m'sewero la pa kanema la Doctor Who, lomwe BBC idayamba kuonetsa pa 23 November 1963. Amayenda m'bokosi labuluu lotchedwa TARDIS, lomwe limamufikitsa ku zaka zamakedzana kapena zam'tsogolo. Akatsala pang'ono kufa amasintha thupi ndi nkhope. Mu 2023 yemwe adayamba kusewera ngati iyeyu ndi Ncuti Gatwa, wobadwira ku Rwanda.

Nanga okonda seweroli amalimbirana chiyani?

Manja ake ngoyera kapena ali ndi magazi? Seweroli litabwereranso mu 2005, zidamveka kuti Doctor adathetsa nkhondo yaikulu potha mtundu wake womwe limodzi ndi adani awo, ma Dalek. Ena amati adapulumutsa zolengedwa zonse. Ena amati palibe adamutuma kugamula za moyo wa ana oposa mabiliyoni awiri a ku Gallifrey.

Si paja adadzakonza zimenezo?

Mu 2013, pokondwerera zaka 50 za seweroli, olemba adasintha nkhani: Gallifrey sidapse, idangobisidwa. Ambiri adaomba m'manja. Ine sindidakhutire. Kwathu kuno timati mlandu suola, ndipo munthu amene adanyamula chida n'cholinga chofuna kupha safufuta cholingacho chifukwa choti mwayi udamugwera pambuyo pake.

Bwanji sadangowononga ma Dalek asanachuluke?

Mpata adali nawo. Mu 1975, nthawi yomwe Tom Baker ankasewera ngati Doctor, adagwira mawaya awiri omwe akadawagunditsa, mbewu yonse ya ma Dalek ikadathera pomwepo. Adazengereza, akudzifunsa ngati adali ndi ufulu wochita zimenezo. Apa ndi pomwe mkangano umafika pa mponda chimera. Akapha, mumuti chigawenga. Akaleka, onse amene ma Dalek adadzawapha mumuwerengera iyeyo. Ine pamenepa ndimamumvera chisoni.

Ndiye kuti ndi wosalakwa?

Ayi ndithu, koma mlandu wake weniweni uli pa anthu amene amawatenga n'kumayenda nawo. Mnyamata Adric adafa mu 1982 ali pa ulendo ndi Doctor. Mu 2008 Donna Noble adalira, kumudandaulira kuti asamufufutire zonse zimene ankakumbukira, iye n'kufufutabe kuti amupulumutse. Moyo adaupulumutsadi, koma mawu a mwini moyoyo sadawamvere. Donna yemweyu ndiye adamukakamiza ku Pompeii, mzinda womwe udakwiririka phiri litaphulika, kuti abwerere akatenge banja limodzi m'phulusa, iye atanyamuka kale.

Kubwalo la mfumu Dambe angamuweruze bwanji?

Nduna za mfumu sizingataye nthawi ndi mabiliyoni. Zingafunse zapafupi: mwana wa eni mudamutenga mutapempha kwa ndani? Zitavuta, mudapita kukawauza amalume ake? Pamaliro mudakhalapo? Kuno wolakwitsa mwangozi amakhululukidwa, bola aonekere, akhale pansi, apepese, apereke chindapusa ngati bwalo latero. Doctor nthawi zambiri nkhondo ikangotha amalowa m'bokosi lake, otsala n'kumakumba manda okha.

Atayitanidwa angabwere?

Wa 2005 uja, yemwe ankaseweredwa ndi Christopher Eccleston, ndikukhulupirira kuti angabwere, chifukwa chikumbumtima chinkamudya poyera. Enawo mungawadikire mpaka fodya atagulitsidwa.