OGONTHA NDI OSALANKHULA AZITSOGOLERANA OKHA

M'midzi ya kwa Mdeka, Lirangwe ndi Chileka muli anthu amene sakumva makutu kapena satha kulankhula. Ena anabadwa tero. Ena makutu anafa ndi malungo akuru, matenda oumitsa khosi, kapena mafinya a m'khutu amene sanacizidwe msanga. Kalembera wa caka ca 2018 anapeza kuti pa anthu 100 ali onse a zaka 5 kunka m'tsogolo, 10 ali ndi kulumala kwa mtundu wina, ndipo ogontha ali m'gulu limeneli.

Bvuto lao lalikuru ndi kukhala okha. Mai wogontha akapita ku cipatala amatenga mbale kuti akamlankhulire, ndipo nthenda imene akadafuna kubisa imamveka mudzi wonse. Mtsikana wogontha akacitidwa coipa, mlandu wace umazirala pa bwalo cifukwa cosowa womasulira. Mbale ndi wabwino ndithu, koma kawiri-kawiri amanena zimene iye aganiza kuti mwini wace afuna.

Cifukwa ca ici ogontha a m'Malawi anayambitsa bungwe lao, Malawi National Association of the Deaf, limene atsogoleri ace ndi ogontha eni ace. M'caka ca 2021 bungweli linaturutsa buku loyamba la mau a cinenero ca manja ca m'Malawi. Ziliponso sukulu za ogontha, monga Maryview ku Nguludi, Mountain View ku Bvumbwe, ndi ya ku Mua.

Zimenezi zitheka ndi pa mudzi pomwe. Anthu atatu kapena anai akwana kuyamba kagulu. Nyumba iri yonse iri ndi zizindikiro zace zimene banja lina silizidziwa, kotero amene anapita ku sukulu ya ogontha aphunzitse anzace cinenero cimodzi. Akumane masana, atakhala mozungulira, kuti ali yense aone manja ndi nkhope ya mnzace. Wapampando, mlembi ndi msungicuma akhale ocokera mwa iwo okha. Akumva makutu athandize, koma akhale kumbuyo. Akangokhala kutsogolo, msonkhano usanduka wao.

Alipo ena amene akumva bwino koma lilime ndi manja n'zouma, monga ofa ziwalo. Awa athandizika ndi cikatoni cojambulapo zithunzi: madzi, nsima, cimbudzi, mutu wopweteka, "inde" ndi "iai". Munthu amaloza ndi cala kapena ndi maso. Mwini wace ndiye asankhe zithunzizo, pakuti mwina afuna ca mpira kapena ca chalichi, cimene womsamala sakanaciganiza. Womvera adikire, asammalizire mau. Odziwa kulemba angatumizirane uthenga pa foni.

Kwa mafumu kuli nchito yaing'ono koma yofunika. Mthenga wofuula madzulo kuti mawa kuli msonkhano wa feteleza kapena katemera, wogontha samumva. Nyakwawa itume munthu kwa wapampando wa kaguluko, ndipo iye afikitsa uthengawo kwa anzace ndi manja.