Modyuleta: kuimba nyimbo za m'foni ndi m'memole khadi pa wailesi ya galimoto

Kwa madalaivala a minibasi, a ma Sienta ndi eni magalimoto a ku Songani, Domasi ndi Malosa

Magalimoto ambiri amene amayenda mumsewu wa M3, kuchoka ku Zomba kudzera pa Songani, Domasi ndi Malosa mpaka ku Liwonde, anayamba agwirapo ntchito ku Japan. Amabwera ndi wailesi yolimba ndi masipika omveka bwino, koma mukaiyatsa mumangopeza siteshoni imodzi kapena ziwiri, nthawi zina phokoso lokhalokha. Ma CD nawo fumbi ndi mabampu zinawamaliza kalekale, ndipo nyimbo zathu masiku ano zili m'foni, m'memole khadi ndi m'fulashi. Zikatero ambiri amangogamula kuti wailesiyo njakufa, n'kupita kwa wamagetsi a galimoto kuti akaizule, adule mawaya, aikemo ina. Musafulumire kuwononga ndalama. Pali kachipangizo kokwana m'dzanja, kotchedwa modyuleta, kamene kamagwira ntchitoyi popanda kudula waya ngakhale umodzi.

Kachipangizoka n'kotani?

Modyuleta mumaibaya pabowo la laita, lija loyatsira fodya, ndipo imatenga moto wa mavoti 12 kuchokera ku batire la galimoto. Kumaso kwake kuli kagalasi koonetsa manambala, mabatani atatu kapena anayi, polowetsa fulashi ndi polowetsa memole khadi. Zambiri za masiku ano zili ndi Bluetooth komanso pochajira foni. Ntchito yake ndi kutenga nyimbo yanu n'kuiulutsa pa FM monga ichitira nyumba youlutsira mawu, kungoti mphamvu yake ndi yochepa zedi, imathera pa mamita ochepa kuzungulira galimoto. Eriyo ya galimoto imagwira mawuwo, wailesi n'kuwatulutsa m'masipika. Ngati yanu ndi lole ya mavoti 24, werengani pabokosi musanagule. Payenera kulembedwa 12–24V, apo ayi ikhoza kupsa.

Nambala: apa mpamene pagona nkhani

Masiteshoni a FM a kuno kwathu, MBC, Zodiak, Radio Maria, Radio Islam, YONECO, Chanco ndi ena onse amene amapatsidwa malo ndi bungwe la MACRA, amaulutsa pakati pa 87.5 ndi 108. Ku Japan sizili choncho. Kumeneko FM imayambira pa 76, ndipo wailesi zambiri za m'magalimoto awo zimalekeza pa 90. Za magalimoto atsopanoko zina zimafika pa 95. Ndiye kuti wailesi yanu ndi masiteshoni athu zimakumana pa kampata kakang'ono chabe, kuchoka pa 87.5 kufika pa 90. Ichi ndicho chifukwa chake mumapeza masiteshoni ochepa. Wailesi siinafe ayi.

Modyuleta nayo imayenda pakati pa 87.5 ndi 108. Zina zikangotuluka m'bokosi zimayaka zili pa 108.0 kapena pafupi pamenepo, pamene wailesi ya ku Japan singafike ngakhale mutapotokola motani. Munthu amabaya, kagalasi kayaka, koma m'masipika zii, n'kubwerera kwa wogulitsa mokalipa kuti wamugulitsa chakufa. Chonsecho chimangofunika n'kutsitsa nambala ya modyuleta kuti ilowe m'kampata kaja.

Yambani ndi wailesi, modyuleta musanaibaye. Iikeni pa FM ndipo muziyenda pang'onopang'ono ndi dzanja, osati ndi batani losaka lokha, kuyambira pa 87.5 kukwera mpaka 90.0. Mukufuna pamene palibe siteshoni, pongomveka kuti shiii, popanda mawu a munthu kapena nyimbo ngakhale chapatali. Onaninso kuti kamodzi m'mwamba ndi kamodzi m'munsi mwa nambalayo n'popandanso kanthu. Mukapapeza, bayani modyuleta, dinani batani lake la nambala, pa zina lolembedwa CH, mpaka pakagalasi paoneke nambala yomweyo. Zikagwirizana, phokoso lija limaduka mwadzidzidzi, m'galimoto n'kukhala bata. Pamenepo lowetsani fulashi kapena khadi, nyimbo iyamba yokha. Sungani nambalayo pa batani limodzi la wailesi, dinani n'kugwira mpaka italira, kuti mawa musayambirenso kusaka.

Musasunge imodzi yokha. Chigwa chathu cha Domasi chili pakati pa phiri la Zomba ndi la Malosa, ndipo mapiri amatchinga mawu a FM. Nambala imene ili phee pa Domasi ikhoza kukhala ndi mwini wake mukatulukira ku Chinamwali kapena mukatsikira ku Liwonde, ndipo siteshoni yeniyeni imaigonjetsa modyuleta nthawi zambiri. Nyimbo yanu imayamba kusakanikirana ndi nkhani kapena ulaliki wa eni ake. Pezani nambala ziwiri kapena zitatu, ya kuno, ya m'tauni ndi ya kumunsi, muzisunge pa mabatani otsatana. Pa siteji napo, magalimoto awiri akaima mogundizana onse ali pa 87.5, nyimbo za mnzanu zimalowa mwa inu. Pachifukwa ichi 87.5 yeniyeniyo ndi bwino kuipewa, pakuti ambiri amangoisiya pomwepo.

Magalimoto ena anaikidwa kale kabokosi kuseri kwa wailesi, pa waya wa eriyo, kamene amagetsi amati band expander. Kameneka kamatsitsa manambala, mwachitsanzo ndi 10, kotero kuti siteshoni ya pa 98.0 imaoneka pa 88.0. Ngati mumamva masiteshoni pa manambala osiyana ndi amene aulutsi amatchula, dziwani kuti kalimo. M'galimoto yotere kampata kaja kamadzaza, ndipo modyuleta mukhoza kuipeza pa nambala yotsika kuposa imene yalembedwa pakagalasi. Ikani nyimbo iziimba, kenako isakeni pa wailesi mpaka mutaimva.

Foni

Yatsani Bluetooth pa foni, sakani dzina la modyuleta lomwe lalembedwa pakapepala ka m'bokosi, n'kulidina. Ikafunsa nambala yachinsinsi, nthawi zambiri imakhala 0000 kapena 1234. Voliyumu ya foni ikhale pafupifupi magawo atatu mwa anayi, yotsalayo muzikweza pa wailesi. Mukaifikitsa kumapeto mawu amasweka, besi n'kumanjenjemeretsa masipika. Mukaitsitsitsa, mumakakamizika kukweza wailesi, ndipo phokoso la shiii limakwera nalo limodzi. Kumbukiraninso kuti foni ikaitana, amene akuimbayo amveka galimoto yonse. Nkhani za kubanja ndi za ngongole zisamveke kwa apaulendo.

Yang'anani kaye kumaso kwa wailesi yanu

Modyuleta si njira yopambana zonse. Ngati pa wailesi pali kabowo kozungulira kolembedwa AUX, gulani chingwe cha mitu iwiri ya 3.5 mm, yofanana ndi ya mahedifoni, mutu wina ku foni wina ku wailesi, kenako dinani SOURCE kapena MODE mpaka paoneke AUX. Mawu a chingwe amayera kuposa a modyuleta iliyonse, ndipo phiri kapena siteshoni sizikusokonezani. Pakakhala polowetsa fulashi, gwiritsani pomwepo. Ngati ndi wailesi yakale ya makaseti imene ikadazungulira, pali kaseti ya chingwe, yopanda tepi m'kati, imene mumailowetsa ngati kaseti wamba n'kubaya chingwe chake ku foni. Pukutani kaye hedi ya wailesi ndi kathonje konyowetsa ndi sipiriti. Modyuleta ndi ya amene alibe zonsezi, ndipo otere ndiwo ambiri.

Khadi la wailesi musalichotse

Chenjezo ili ndi la amene wailesi yawo ili ndi galasi lalikulu lolemba Chijapanizi. Mu zambiri mwa zimenezi muli khadi la SD limene linabwera ndi galimoto, losunga mapu a misewu ya ku Japan pamodzi ndi zimene wailesiyo imafuna kuti iyake. Ena amalisolola, amati mapu a ku Tokyo alibe nawo ntchito, n'kukalifufutitsa kuti aikemo nyimbo. Kwa masiku angapo zimaoneka ngati zili bwino. Tsiku limene batire lidzachotsedwe kapena kutheratu, wailesi ija imakana kuyaka, imangolemba uthenga wofuna khadi lake, ndipo kupeza lina lolingana nalo n'kovuta komanso kodula. Khadi limenelo lisiyeni momwemo. Nyimbo zikhale ndi lakelake.

Ikamavuta

Ngati kagalasi sikakuyaka, yang'anani m'bowo la laita. Fumbi, dzimbiri kapena kandalama kachitsulo kamene kanagweramo n'zimene zimalakwitsa kawirikawiri, ndipo kandalamako kamapsereza fyuzi. Zimitsani galimoto musanatokose. Fyuzi ya bowoli ili m'kabokosi ka mafyuzi, pambiri imalembedwa CIG. Ikapsa ikani ina ya nambala yofanana ndi imene mwachotsa. Ngati inali 15, ikhale 15. Osamangapo waya kapena kapepala konyezimira ka m'paketi ya fodya. Fyuzi imapsa kuti mawaya asapse, ndipo minibasi yodzaza anthu si malo oyeserapo moto.

Ikayaka koma osawerenga nyimbo, vuto limakhala pa khadi. Modyuleta zambiri zimafuna nyimbo za MP3 pa khadi kapena fulashi yosapitirira 32GB, yokonzedwa mwa FAT32. Amene amakuikirani nyimbo pa kompyuta amazidziwa zimenezi, auzeni. Chenjeraninso ndi makhadi achinyengo olembedwa nambala yaikulu koma m'kati muli malo ochepa: nyimbo zoyamba zimaimba, zotsatira n'kusowa. Mukamva kulira kopyapyala kokwera ndi kutsika motsatana ndi injini, yesani kuzula chaja ya foni. Kukapitirira, wamagetsi aone waya wa ethi wa wailesi.

Mukaima nthawi yaitali pa siteji kudikira kuti idzaze, musaimbe wailesi maola ambiri injini ili chozima. Batire likhoza kukuthawani anthu atakwera kale. Madzulo izuleni modyuleta, pakuti m'magalimoto ena bowo la laita limakhala ndi moto ngakhale kiyi atachotsedwa, komanso kanthu kowala usiku kamaitana akuba. Dzuwa la mu Okutobala nalo limapinda pulasitiki yake mukaisiya m'galimoto yotseka magalasi.

Nyimbo zili ndi eni ake

Nyimbo za Lucius Banda, Black Missionaries, Ethel Kamwendo Banda kapena Giddes Chalamanda zimene zimakufupikitsirani ulendo ndi thukuta la anthu. Lamulo la Copyright Act la 2016 limaziteteza, ndipo bungwe la COSOMA ndilo limatolera ndalama za oimba. Amene mumanyamula anthu molipiritsa funsani ku bungweli za chiphaso choimbira nyimbo pagulu, ndipo pokaikitsa nyimbo sankhani malo amene ali ndi chilolezo.

Pamsewu

Zonse tafotokozazi zichitike galimoto ili chiimire. Pa Songani tsiku la msika pamakhala akabaza, amayi osenza madengu ndi ana odumpha msewu, ndipo maso amene ali pakagalasi ka modyuleta saona mwana. Kugwira foni uku mukuyendetsa ndi mlandu kwa apolisi apamsewu. Sanjani nyimbo musananyamuke; ngati pafunika kusintha nambala panjira, akondakitala kapena amene wakhala kutsogolo asinthe, apo ayi patukani muime. Voliyumu ikhale yoti hutala ya mnzanu muimve, ndiponso agogo akhala kumbuyo akanena kuti atsikira pa Malosa, muwamve koyamba komweko.