Mimba ikapita padera, nsengwa ingatiuze chiyani?

Mwana wapita kale, nanga kuyeza nsengwa kuthandiza chiyani?

Mwanayo sabwerera, n'zoona. Koma miyezi yonse ija ankadya ndi kupuma kudzera m'nsengwa, ndiye chimene chinamuvuta nthawi zambiri chimasiya zizindikiro mmenemo. Phindu lake limadzaoneka pa mimba yotsatira. Komanso mayi amapumako ku miseche ya achibale, amene amathamangira kunena kuti wina m'banjamo anayenda njira kapena kuti pali dzanja la munthu.

Amaiyeza bwanji?

Amayamba ndi maso ndi sikelo. Nsengwa ya mimba yokwana masiku imalemera pafupifupi theka la kilogalamu. Ikachepa kwambiri ndiye kuti mwana ankaperewera chakudya. Amaona ngati mchombo unamangika mfundo yothina, ngati uli ndi mitsempha yake itatu, ndiponso ngati kuseri kwa nsengwa kuli magazi oundana, chizindikiro choti inamatuka kuchiberekero nthawi isanakwane. Kenako amaiviika mu formalin, n'kudula tizidutswa topyapyala kuti dokotala wa pathology ationere pa maikulosikopu.

Pa maikulosikopupo pamaoneka chiyani?

Kuno kwathu choyamba kuchiganizira ndi malungo. Tizilombo ta Plasmodium falciparum timakonda kumatirira m'nsengwa, makamaka pa mimba yoyamba, ndipo mayi akhoza kuyezedwa magazi a pachala osapezeka nato pomwe m'nsengwamo tadzaza. Ngakhale titafa, timasiya timadontho takuda tosonyeza kuti tinalimo. Nsengwa za amayi a ku Mangochi ndi a ku chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre zathandiza ofufuza kumvetsa zimenezi, ndipo Malawi anayamba kupereka Fansidar kwa amayi oyembekezera kale mu 1993.

Chindoko chimatupitsa nsengwa n'kuichititsa kuyezuka. Kuthamanga kwa magazi kumapha mbali zina za nsengwa chifukwa magazi a mayi safikamo mokwanira. Matenda olowa nsupa ikasweka msanga nawonso amaonekera pa nembanemba zokuta mwana. Zonsezi zili ndi chithandizo ku sikelo: jakisoni wa penicillin kwa mayi ndi bambo yemwe, neti, mankhwala a BP.

Nanga mimba ikachoka ili ya miyezi iwiri kapena itatu?

Apa maikulosikopu sinena zambiri. Pafupifupi theka la mimba zotere zimachoka chifukwa mwana sanaumbike bwino kuyambira pachiyambi, ndipo kutsimikiza zimenezi kumafuna kuyeza ma chromosome, komwe n'kodula. Koma pali chinthu chimodzi chosayenera kuchiphonya: molar pregnancy, mimba imene nsengwa imakula molakwika n'kusanduka timatuza tamadzi tonga mphesa. Zotsalira zake nthawi zina zimasanduka khansa. Khansayo imachizika bwino ikadziwika msanga, n'chifukwa chake mayi wotere amayezedwa hCG, homoni ya mimba, mobwerezabwereza, ndipo amalangizidwa kulera mpaka adokotala atamumasula.

Yankho limapezeka nthawi zonse?

Ayi. Nsengwa zina zimaoneka zabwinobwino. Zikatero sizitanthauza kuti mayi ndiye analakwitsa.

Mwambo wathu sulola kuti nsengwa igwidwe ndi aliyense. Titani?

Mantha a azigogo ndi omveka, ndipo achipatala ayenera kufotokozera banja ndi kupempha chilolezo. Ngati mukufuna kukakwirira nsengwayo, funsani ngati angaione, n'kudulako tizidutswa tochepa, yotsalayo n'kukupatsani.

Kodi chipatala chilichonse chimayeza?

Ayi, madokotala a pathology ndi ochepa m'dziko muno. Ntchitoyi imachitika makamaka ku Blantyre ndi ku Lilongwe, kumene labotale ya ku chipatala cha Kamuzu Central inatsegulidwa mu 2011, ndipo zotsatira zimatenga masabata. Pemphani msanga, nsengwa isanakatayidwe kudzenje. Kumene kutumiza sikungatheke, azamba akhoza kuiona ndi maso, kuiika pa sikelo, n'kulemba m'buku lanu la kuchipatala zimene aona. Zikachitikira kunyumba, ikani zotulukazo m'chiwiya choyera chotsekeka, musaziumitse mufiriji, ndipo pitani nazo kuchipatala tsiku lomwelo.