Sikelo Ikaima, Inu Musaime: Fizikisi ya Kuchepetsa Thupi

Ambiri mwa inu muli ndi wachibale amene anauzidwa kuchipatala kuti achepetse thupi chifukwa cha BP kapena matenda a shuga. Mwina ndi mayi anu, mwina amalume aja a golosale pamsika. Amayamba ndi moto: tiyi wopanda shuga, kuyenda m'mamawa, nsima mitanda iwiri basi. Pakatha miyezi iwiri mumangoona zonse zabwerera mwakale. Mukawafunsa amati, "Ndayesetsa mwanawe, koma sikelo sikusuntha."

Lero tiione nkhaniyi ndi maso a fizikisi. Chimene chimagwetsa anthu ulesi nthawi zambiri ndi kuyembekezera zimene masamu sangalole, komanso kusadziwa kuwerenga sikelo. Zonse ziwiri inu mumaziphunzira m'kalasi, ndiye mukhoza kuthandiza kunyumba.

Ndinenerepo msanga kuti ndikukamba za akuluakulu amene achipatala awauza kuti achepetse thupi. Inu mukukula, mafupa ndi ubongo wanu zikufuna chakudya, ndipo kuno ku Chapananga tikudziwa kuti zaka zina vuto limakhala kusowa chakudyacho. Kafukufuku wa Malawi Demographic and Health Survey wa 2015-16 anapeza kuti ana 37 mwa 100 aliwonse osakwana zaka 5 anali opinimbira. Kafukufuku yemweyo anapezanso kuti amayi 21 mwa 100 aliwonse a zaka 15 mpaka 49 anali onenepa kupitirira muyezo. Mavuto onse awiri alipo m'dziko muno. Wophunzira asadzimane chakudya chifukwa cha nkhani ino kapena chifukwa anzake amuseka. Ngati thupi lanu likukudetsani nkhawa, pitani mukaonane ndi achipatala.

Thupi ndi nkhokwe ya mphamvu

Paja lamulo lija mukulikumbuka: mphamvu sizilengedwa kapena kuwonongedwa, zimangosintha maonekedwe. James Prescott Joule, amene dzina lake timayezera mphamvu, anasonyeza m'zaka za m'ma 1840 kuti ntchito ndi kutentha ndi mphamvu imodzimodzi. Thupi lanu silithawa lamulo limeneli. Chakudya chimalowetsa mphamvu, ndipo thupi limazitulutsa pogwira ntchito ndi potentha. Zolowa zikachuluka, zotsalazo zimasungidwa ngati mafuta, monga mmene chimanga chotsala chimapitira m'nkhokwe. Zolowa zikachepa, thupi limatapa m'nkhokwemo.

Galamu imodzi ya mafuta imapereka pafupifupi 37 kJ. Galamu ya shuga, sitachi wa mu nsima kapena puloteni imapereka pafupifupi 17 kJ. Mafuta a m'thupi amakhala osakanikirana ndi madzi pang'ono, choncho kilogalamu imodzi imasunga pafupifupi 32,000 kJ. Nambala imeneyi muisunge, tiigwiritsa ntchito.

Nanga zotuluka? Munthu wamkulu atangogona osachita kanthu, mtima, mapapo, ubongo ndi chiwindi zimagwiritsa ntchito mphamvu pa mlingo wa pafupifupi 80 W. Tsiku lili ndi masekondi 86,400. Mukachulukitsa mupeza 6,912,000 J, kapena kuti pafupifupi 6,900 kJ. Mwaona? Mphamvu zambiri za tsiku zimathera pa kungokhala ndi moyo. Kuyenda ndi kulima kumawonjezera pamwamba pake.

Tiwerengere limodzi

Tiyerekeze amalume olemera makilogalamu 100 amene auzidwa kuti atsike kufika pa 80. Makilogalamu 20 amenewo ndi ndowa yodzaza ya malita 20. Inu amene mumatunga madzi kumjigo mukudziwa mmene imalemerera. Amalumewo amagona nayo, kudzuka nayo, kukwera nayo njinga, osaitula.

Mphamvu zosungidwa m'ndowamo ndi 20 × 32,000 kJ = 640,000 kJ.

Tsopano tinene kuti tsiku lililonse zolowa zikuchepa ndi 2,000 kJ poyerekeza ndi zotuluka. Zingatheke bwanji popanda kugona ndi njala? Poyenda pansi, munthu amawonjezera pafupifupi 2 kJ pa kilogalamu iliyonse ya thupi lake pa kilomita iliyonse. Wa makilogalamu 100 akayenda makilomita 5, ndi 1,000 kJ. Supuni yaikulu ya mafuta ophikira ili ndi pafupifupi 500 kJ, ndiye kuchepetsa supuni imodzi pa zimene iwo amadya kwatipatsa 500. Zakumwa zambiri zotsekemera za m'botolo zimakhala ndi shuga pafupifupi magalamu 10 pa 100 ml iliyonse, choncho botolo la 300 ml lili ndi 500 kJ ina. Kuyenda, supuni ya mafuta, botolo limodzi: yakwana 2,000.

Masiku ofunika: 640,000 ÷ 2,000 = 320.

Masiku 320 ndi pafupifupi miyezi khumi ndi theka, ndipo pamenepo ndi zonse zitayenda bwino. Munthu amene akuyembekezera kutula ndowa yonse pofika Khirisimasi pomwe wayamba mu Okutobala akhumudwa ndithu, ngakhale akuchita zonse molondola. Mukamuuza chilungamo poyamba kuti ulendowu ndi wa chaka kapena kupitirira, mwezi wachiwiri sumudabwitsa.

Mafutawo amatulukira kuti?

Ndikafunsa funso limeneli mu Fomu 3, ena amati amasanduka thukuta, ena amati amapita kuchimbudzi, ena amati amasanduka mphamvu n'kutha. Yankho lachitatuli limamveka la sayansi koma lili ndi vuto: maatomu satha. Mphamvu zimatuluka, inde, koma maatomu a carbon, hydrogen ndi okosijeni amene anapanga mafutawo ayenera kupita penapake.

Katswiri wina wa fizikisi wa ku Australia, Ruben Meerman, anachepetsa thupi lake n'kuyamba kudzifunsa funso lomweli. Iye pamodzi ndi Andrew Brown anawerengera, ndipo zotsatira zake zinatuluka m'magazini ya zachipatala ya BMJ mu Disembala 2014. Anapeza kuti pa makilogalamu 10 a mafuta, 8.4 amatuluka ngati mpweya wa carbon dioxide kudzera m'mapapo, ndipo 1.6 otsalawo amatuluka ngati madzi. Kunena kwina, mafuta timawapumira kunja.

Musathamangire kuuza amalume kuti azipuma mofulumira, angochita chizungulire. Mpweyawo umapangidwa pamene maselo akuwotcha mafuta kuti apeze mphamvu. Chofunika apa n'chakuti ntchitoyi imachitika mwakachetechete, usana ndi usiku, ndipo maso saiona.

Sikelo ndi chipangizo, iwerengedwe ngati chipangizo

Pa 2,000 kJ patsiku, mafuta ochoka ndi 2,000 ÷ 32,000 = 0.0625 kg, kapena kuti magalamu 60 ndi pang'ono. Kapu imodzi ya madzi ya 250 ml imalemera magalamu 250, kuwirikiza kanayi. Sikelo siidziwa kusiyanitsa mafuta, madzi ndi nsima imene ili m'mimba. Imangophatikiza zonse.

Kuno kuchigwa nkhani ya madzi ndi yaikulu. Mu Okutobala ndi Novembala kutentha kumatha kupitirira 40°C, ndipo munthu wogwira ntchito padzuwa akhoza kutaya lita yathunthu ya thukuta pa ola limodzi. Lita imodzi ndi kilogalamu imodzi. Akakwera sikelo madzulo amasangalala kuti watsika. Akamwa madzi, kilogalamu ija yabwerera, ndiye mawa lake amati zonse n'zachabe. Mafuta sanachoke kilogalamu, ndipo sanabwererenso kilogalamu. Ndi madzi amene amalowa ndi kutuluka.

Thukuta ntchito yake ndi kuziziritsa thupi. Kilogalamu imodzi ya madzi ikauma pakhungu imachotsa kutentha kwa pafupifupi 2,400 kJ. Ndiye mukaona munthu akuthamanga masana atavala juzi kapena atadzikulunga pulasitiki kuti "asungunule mafuta", muuzeni kuti akutseka njira imene thupi limadziziziritsira, ndipo pa kutentha kwa kuno akhoza kukomoka. Nthawi yoyenda ndi m'bandakucha kapena dzuwa litapendeka, botolo la madzi lili m'manja.

Palinso chinyengo china cha sabata yoyamba. Thupi limasunga shuga wina m'chiwindi ndi m'minofu wotchedwa glycogen, ndipo galamu iliyonse imasungidwa ndi madzi pafupifupi magalamu atatu. Munthu akangochepetsa kudya, glycogen ameneyu ndi amene amayamba kutha, madzi ake n'kutuluka. N'chifukwa chake sabata yoyamba sikelo imatha kutsika makilogalamu awiri, kenako n'kumangokwawa. Anthu amaganiza kuti poyamba zimayenda, tsopano zaima. Zoona zake n'zakuti sabata yoyambayo inali ya madzi, ndipo kukwawako ndiye liwiro lenileni la mafuta.

Ndiye tichite bwanji? Zimene timachita mu labu. Sitikhulupirira muyezo umodzi. Timayeza kangapo, pa chipangizo chimodzi, m'mikhalidwe yofanana. Amalume ayezedwe pa sikelo imodzimodzi, m'mawa asanadye, atavala zovala zofanana kulemera, kamodzi pa sabata kapena nthawi iliyonse akapita kuchipatala. Inu tengani pepala la galafu, masabata pansi, makilogalamu m'mbali, muzilemba kadontho. Timadontho tidzakwera ndi kutsika. Pakatha masabata 8 kapena 10 jambulani mzere wodutsa pakati pake, monga timachitira ndi galafu ya sipuling'i. Mzerewo ukapendekera pansi, ntchito ikuyenda, ngakhale kadontho ka sabata ino kali pamwamba pa ka sabata yatha. Ngati sikelo ili kutali, chingwe chikwanira. Yezani m'mimba pa mchombo mwezi uliwonse n'kumanga mfundo pamene chingwe chakumana.

Chifukwa chake liwiro limachepa

Pakapita miyezi, mzere uja umayamba kugona. Apanso fizikisi ili ndi yankho. Ntchito yonyamula chinthu ndi mgh. Munthu wa makilogalamu 100 akakwera phiri la mamita 100 wagwira ntchito ya 100 × 10 × 100 = 100,000 J. Akafika pa makilogalamu 90, phiri lomwelo ndi 90,000 J. Makilomita 5 aja amene ankadya 1,000 kJ tsopano akudya 900. Thupi laling'ono limafunanso mphamvu zochepa likamapuma. Choncho kusiyana kwa 2,000 kJ kuja kumachepa kokha, ngakhale munthu sanasinthe kalikonse, ndipo masiku 320 aja amatalika.

Kugona kwa mzere ndi umboni wakuti thupi lapepukadi. Chofunika ndi kuwonjezera pang'ono: kilomita ina imodzi, njira yokwera m'malo mwa yachidikha, kapena kuyenda pamchenga. Amene munawolokapo mtsinje wa Mwanza nthawi ya chilimwe mukudziwa mmene mchenga umatopetsera. Phazi likamalowa, mphamvu zina zimathera posuntha mchengawo, choncho mtunda womwewo umadya mphamvu zambiri.

Komanso palibe chifukwa chodikira ndowa yonse kuti phindu lioneke. Ku America kunachitika kafukufuku wotchedwa Diabetes Prevention Program, wa anthu oposa 3,000 amene anali pafupi kudwala shuga, ndipo zotsatira zake zinatuluka mu 2002. Gulu lina linapatsidwa cholinga chochepetsa thupi ndi 7 peresenti komanso kuchita zolimbitsa thupi, monga kuyenda ndawala, mphindi 150 pa sabata. M'gulu limeneli chiwerengero cha odwala shuga chinachepa ndi 58 peresenti poyerekeza ndi amene sanapatsidwe thandizolo. Kwa amalume athu, 7 peresenti ndi makilogalamu 7 okha. Ndiye cholinga choyamba chikhale chigubu cha malita 5, chikatulidwa n'kuyang'ana china. Pang'onopang'ono ndi mtolo.

Pakamwa pa anthu

Pali cholepheretsa china chimene sichili mu fomula. Kwathu kuno munthu akanenepa timati akupeza bwino, akaonda timayamba kunong'ona. "Mwatha bwanji chonchi, mukudwala?" Mawu amenewa abwezapo anthu ambiri m'mbuyo, makamaka amayi. Inu apabanja ndi amene mungawateteze. Galafu ija imathandizanso pano, chifukwa munthu amene akudziwa chifukwa chake akuonda, ndi liwiro limene akuondera, manong'onong'o samugwedeza kwambiri. Muziwaperekeza poyenda m'mamawa. Muziwafunsa zinthu zimene sikelo siiona: kodi maondo akupwetekabe, kodi akumapuma wefuwefu akamakwera chitunda, kodi BP anaipeza bwanji kuchipatala mwezi uno.

Koma mudziwenso kusiyana kwake. Kuonda kochita kufuna kumayenda pang'onopang'ono ndipo munthu amakhala ndi mphamvu. Munthu akamaonda asakufuna, makamaka ngati akutsokomola nthawi yaitali, akutuluka thukuta usiku, kapena akumva ludzu ndi kukodza pafupipafupi, apite kuchipatala msanga, chifukwa TB, HIV ndi shuga zimatha kuyamba choncho, ndipo zonsezi zili ndi thandizo. Amene akumwa kale mankhwala a shuga kapena a BP asasinthe kadyedwe kwambiri kapena kusiya mankhwala asanakambirane ndi achipatala.

Ntchito yanu sabata ino ndi iyi. Azakhali olemera makilogalamu 90 akufuna kutsika ndi 7 peresenti. Pezani makilogalamu amenewo ndi mphamvu zimene asunga mu kJ. Ngati akuyenda makilomita 4 tsiku lililonse ndipo asiya masupuni aang'ono 6 a shuga patsiku, supuni iliyonse magalamu 4, adzafika pakatha masiku angati? Kenako fotokozani m'ziganizo ziwiri chifukwa chake masiku enieni adzaposa yankho lanulo. Musaiwale mayuniti, paja ndimadula malikisi.