Kuzindikira Magalimoto a ku America m'Kanema

Anzanga, poonera kanema musamangoti "galimoto lalikulu lija." Liri lonse liri ndi cizindikiro cace.

Yambani kumbuyo. Mukaona zipsepse ziwiri zazitali zonga za nsomba, za nyali zosongoka, ameneyo ndi Cadillac wa 1959. Nyali zitatu zobulungira mbali iri yonse ndi za Chevrolet Impala wa 1964. Dzinali ndi la nswala yathu yomwe. Buick ali ndi timabowo titatu kapena tinai kutsogolo kwa citseko.

Ine ndikonda Ford Mustang, wa kavalo wothamanga pamphumi. M'kanema wa Bullitt wa 1968 Steve McQueen ayendetsa wobiriwira, napirikitsa Dodge Charger wakuda m'zitunda za San Francisco. Koma pa ameneyo kavalo anamcotsa, tsono yang'anani msana wace wotsetsereka.